Mafunso ndi Mayankho pa Nyimbo za Var m'Malemba Oyera a Asikhi

Amene anafikako m'nyumba yopemphereramo Asikhi kusanache, kapena anamverako pa wailesi mapemphero a ku Amritsar, mzinda wopatulika wa Asikhi ku India, amakumbukira nyimbo yaitali imene imayamba kudakali mdima n'kudzatha kunja kutayera. Nyimboyi ndi imodzi mwa ndakatulo zotchedwa var, zopezeka m'buku loyera la Guru Granth Sahib. M'munsimu muli mafunso amene anthu ofuna kudziwa za ndakatulozi amafunsa kawirikawiri.

Kodi var n'chiyani, ndipo inachokera kuti?

Var ndi ndakatulo yaitali yoimbidwa, ndipo kwawo ndi ku Punjab, dera limene lero linagawidwa pakati pa India ndi Pakistan. Chipembedzo cha Chisikhi chisanayambe, var inali nyimbo ya ngwazi. Oimba otchedwa dhadi ankayendayenda m'midzi ndi m'mabwalo a mafumu, kang'oma kakang'ono kokhala ngati mtondo kali m'manja, n'kumasimba za mafumu awiri amene anakumana pankhondo, za amene analimba mtima ndi amene anathawa. Anthu ankaidziwa nyimbo yotere pongomva chiyambi chake, ndipo inkawautsa mtima.

Guru Nanak, woyambitsa chipembedzo cha Chisikhi, amene anabadwa mu 1469 ndi kumwalira mu 1539, anatenga mtundu wa ndakatulo umenewu n'kuupatsa ntchito ina. Kumapeto kwa var yawo yotchedwa Majh ki Var iwo akudzitchula okha kuti ndi dhadi amene analibe ntchito, mpaka pamene Mbuye anamuitana kunyumba yake, namuveka mkanjo waulemu, n'kumulamula kuti aziimba zomutamanda usiku ndi usana. Tiyenera kudziwa kuti a dhadi sankalemekezedwa kwenikweni m'dongosolo la mafuko la ku India, choncho mphunzitsi wamkulu podzitchula dzina limeneli anali kudziika dala pamalo a anthu apansi.

Zilipo zingati, ndipo anazilemba ndani?

M'buku la Guru Granth Sahib, lomwe lili ndi masamba 1430, muli ma var 22. Guru Nanak analemba atatu: Majh, Asa ndi Malar. Guru Amar Das, wachitatu pa mndandanda wa aphunzitsi khumi, analemba anayi. Guru Ram Das analemba 8, kuposa onse. Guru Arjan analemba 6. Wotsalayo analemba oimba awiri, Satta ndi Balwand. Maina monga Majh, Asa, Sorath ndi Ramkali ndi maina a raga, ndiko kuti kakonzedwe ka mawu a nyimbo m'maimbidwe a ku India, popeza gawo lalikulu la bukuli linasanjidwa potsata ma raga 31 osati potsata mitu ya nkhani. Chifukwa cha ichi pali ma var ena okhala ndi dzina limodzi, monga atatu a Ramkali, ndipo amasiyanitsidwa potchula wolemba.

Owerenga atsopano amasokonezeka poona kuti ndime zambiri zikutha ndi dzina lakuti Nanak. Aphunzitsi olowa m'malo amene nyimbo zawo zili m'bukuli ankalemba m'dzina limeneli, chifukwa Asikhi amakhulupirira kuti kuwala kumodzi ndiko kunkasamuka kuchoka mwa Guru wina kulowa mwa wina. Wolemba weniweni amadziwika ndi nambala ya pamutu pa vesi: Mahala 1 ndi Guru Nanak, Mahala 2 ndi Guru Angad, mpaka m'tsogolo.

Nanga var inamangidwa motani?

Msana wa var ndi ndime zotchedwa pauri, zimene zimatsatizana ngati makwerero, ndipo kawirikawiri zonse za mu var imodzi zimakhala za wolemba mmodzi. M'ma var ambiri, patsogolo pa ndime iliyonse pamakhala mavesi otchedwa salok, kawirikawiri awiri, nthawi zina atatu kapena kuposa pamenepo. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti poyamba ma var ambiri anali ndime za pauri zokha, ndipo Guru Arjan ndiwo anayalamo ma salok pamene ankasonkhanitsa bukuli, ntchito imene inatha mu 1604 ku Amritsar, mlembi wake ali Bhai Gurdas.

Apa ndi pamene pali kukoma kwa ndakatulozi, ndipo ndi malo amene omasulira ambiri amawadutsa mothamanga. Ma salok sakhala a wolemba ndime yekhayo. Mu var ya Guru Ram Das mutha kupezamo vesi la Guru Nanak, lina la Guru Amar Das, kenaka ndime ya mwini var n'kumangirira zonsezo pamodzi. Mu Gujri ki Var ya Guru Amar Das muli vesi la Kabir, woomba nsalu wa ku Banaras, lonena kuti khomo la chipulumutso ndi lopapatiza kuposa kanjere ka mpiru pamene mtima wa munthu wakula ngati njovu. Pomwepo Guru Amar Das akuyankha kuti khomolo ndi lopapatizadi, koma wodzichepetsa amalowapo. Motero wowerenga amamva mawu a anthu a mibadwo yosiyana akuyankhana pa nkhani imodzi. Kawirikawiri salok imayang'ana pansi, pa msika, pa bwalo la milandu ndi pa chinyengo cha anthu, pamene pauri imakweza maso kwa Mlengi. Woimba amene walumpha ma salok amatsala ndi chitamando chopanda minga, ndipo wongowerenga ma salok okha angaganize kuti a Guru anali anthu odzudzula basi.

Ngati var inali nyimbo ya nkhondo, nkhondoyo ili pati m'ndakatulozi?

Nkhondo ilipo, koma bwalo lake ndi mtima wa munthu. Magulu omenyana ndi awiri: munthu woyang'ana kwa Guru, amene malembawa amamutcha gurmukh, ndi munthu wotsata zofuna za mtima wake, manmukh. Adani ake ndi asanu amene Asikhi amawatchula kuti mbala: chilakolako, mkwiyo, umbombo, kukakamira za m'dziko ndi kudzikuza. Ngwazi ndi amene wagonjetsa zimenezi.

A Guru sanataye maimbidwe akale aja. Pamutu pa ma var 9 palembedwa malangizo akuti aimbidwe potsata nyimbo ya ngwazi yakutiyakuti imene anthu ankaidziwa kale. Asa di Var, mwachitsanzo, iyenera kuimbidwa m'maimbidwe a nyimbo ya Tunda Asraj. Nthano yake imati Asraj anali mwana wa mfumu Sarang, amene mkazi wina wa atate ake anamunamizira mlandu. Anamudula dzanja n'kumutaya, koma anapulumuka, ndipo patapita zaka anadzakhala mfumu. Mlimi wa ku Punjab akamva maimbidwe amenewa ankakumbukira munthu wosalakwa amene choonadi chinamuwombola, ndipo mawu atsopanowo ankalowa m'khutu lokonzeka kale. Akhristu a kwathu kuno amadziwa mmene nyimbo ya mpingo imagwirira mtima ikaimbidwa m'maimbidwe a ingoma kapena a kumudzi, ndipo nzeru ya a Guru inali yofanana ndi imeneyi.

Chifukwa chiyani Asa di Var ndi yotchuka kuposa zinzake?

Chifukwa choyamba n'chakuti imaimbidwa tsiku ndi tsiku. Ku Harmandir Sahib, kachisi wagolide wa ku Amritsar, ndiponso m'nyumba zambiri zopemphereramo pa dziko lonse, oimba amaiyamba m'mbandakucha, nthawi imene Asikhi amaiona kuti ndi yoyenera kusinkhasinkha za Mulungu. Ili pa masamba 462 mpaka 475, ili ndi ndime 24 ndi ma salok pafupifupi 60, ndipo 15 mwa amenewa ndi a Guru Angad. Poimba amaphatikizamo ndime 24 za nyimbo zina za Guru Ram Das, imodzi patsogolo pa gawo lililonse, kotero kuti kuimba konse kumatenga maola awiri kapena kuposerapo.

Mbiri imene Asikhi amasimba imati munthu wina wa ku Khadur, dzina lake Lehna, amene ankapembedza mulungu wamkazi Durga, anamva mnansi wake akulakatula ndime ina ya var imeneyi, ndipo mawuwo anamukoka mpaka anapita ku Kartarpur kukaonana ndi Guru Nanak. Lehna ameneyu ndiye anadzakhala Guru Angad. Vesi lake, limene ndi lachiwiri mu var yomweyi, likuti ngakhale patatuluka miyezi 100 ndi madzuwa 1000, popanda Guru mdima ungakhalebe wandiweyani.

Kodi ndakatulozi zimati Mulungu ndi wotani?

Ndi mmodzi, wosabadwa, amene anadzilenga yekha, nalenga chilengedwe, n'kukhala m'kati mwake akuchiyang'ana mokondwera. Umu ndi mmene ndime yoyamba ya Asa di Var ikunenera. Chifukwa cha ichi dziko silionedwa ngati msampha woti munthu authawe kupita kuphanga. Guru Angad akuti dzikoli ndi chipinda cha Woonayo, ndipo Iye amakhalamo.

Pali vesi lina lalitali limene mzere uliwonse ukuyamba ndi mawu osonyeza kuzizwa: n'zozizwitsa mphepo, madzi, moto, mitundu ya zamoyo, kukumana ndi kulekana, njala ndi kukhuta. Lina lobwera patsogolo pang'ono likunena za mantha: mphepo imaomba poopa Iye, mitsinje zikwizikwi imayenda poopa Iye, dzuwa ndi mwezi zimayenda ulendo wosatha poopa Iye, ndipo wopanda mantha ndi mmodzi yekha. Mantha amenewa si a kapolo woopa chikoti. Ndi kumvera lamulo la Mulungu, lotchedwa hukam, limene chilengedwe chonse chimayendera, ndipo cholengedwa chokha chimene chimayesa kulikana ndi munthu.

Vuto lalikulu la munthu n'chiyani malinga ndi ma var?

Ndi haumai, mtima wakuti "ine, ine". Guru Nanak akuti munthu amabwera ndi mtima umenewu n'kupita nawo, amapereka nawo n'kulandira nawo, amaseka nawo n'kulira nawo, ndipo ngakhale kunena zoona ndi kuchita zabwino kumatheka mu mtima womwewu. Mawu omalizawa ndi olasa, chifukwa akutanthauza kuti wopembedza wakhama atha kudwala matendawa koposa chidakwa. Guru Angad akuwonjeza kuti haumai ndi nthenda yokhalitsa, koma mankhwala ake ali m'kati mwake momwemo: Mulungu akachita chifundo, munthu amayamba kukhala monga mwa mawu a Guru.

Maphunziro nawonso sanasiyidwe. Vesi lina likuti munthu atha kuwerenga mabuku odzaza ngolo, odzaza mabwato, kuwerenga zaka zonse za moyo wake, koma chowerengedwa pamaso pa Mulungu ndi chimodzi, zina zonsezo ndi phokoso la kudzikuza. Ndipo pali chithunzi cha mtengo wa simmal, wautali, woongoka ndi wonenepa, umene mbalame zimauthamangira ndi chiyembekezo n'kubwerera zokhumudwa popeza zipatso zake n'zosakoma, maluwa ake ndi onyansa ndipo masamba ake alibe ntchito. Pamenepo Guru Nanak akuti kukoma mtima ndi kudzichepetsa ndiwo phata la makhalidwe abwino, koma nthawi yomweyo akuchenjeza kuti wochimwa amawerama kawiri, monga mlenje wowendera gwape, ndiye kuweramitsa mutu kulibe phindu mtima ukadali wodetsedwa.

Kodi ndakatulozi zimanyoza Ahindu ndi Asilamu?

Funsoli limabwera chifukwa mawu ena ndi owawadi. Asa di Var ikunena za anthu odya anzawo amene amapemphera swala, ndi ogwira mpeni amene avala ulusi wopatulika m'khosi. Koma woyang'anitsitsa adzaona kuti odzudzulidwawo ndi atsogoleri ndi ogwira ntchito za boma a mbali zonse ziwiri, amene chipembedzo chawo chinatsala m'zovala. Njira ya Guru Nanak inali kutenga mwambo wa munthu n'kumufunsa tanthauzo lake. Kwa Mhindu wovala ulusi akuti: thonje lake likhale chifundo, ulusi wake ukhale kukhutira, mfundo yake ikhale kudziletsa, kupota kwake kukhale choonadi, ulusi wotere suduka, suda, supsa ndipo sutayika. Kwa Msilamu, mu Majh ki Var, akuti mzikiti wake ukhale chifundo, mkeka wopemphererapo ukhale chikhulupiriro, ndipo Korani yake ikhale kudya zopeza mwachilungamo. Mu var yomweyo akuti kulanda cha mwini kuli ngati nyama ya nkhumba kwa Msilamu ndi nyama ya ng'ombe kwa Mhindu.

Nkhani ya kudetsedwa kwa pamwambo anaitenga motalikirapo. Ansembe ankaphunzitsa kuti nyumba imene mwabadwa mwana kapena mwachitika maliro ndi yodetsedwa kwa masiku angapo. Guru Nanak akuyankha kuti ngati zili choncho, kudetsedwa kuli paliponse, pakuti m'ndowe ndi m'nkhuni zophikira muli tizilombo, njere iliyonse ya chakudya ili ndi moyo, ndipo madzi enieniwo ndiwo chiyambi cha moyo. Kudetsedwa kwenikweni kwa mtima ndi umbombo, kwa lilime ndi bodza, kwa maso ndi kusirira mkazi ndi chuma cha wina, kwa makutu ndi kumvera miseche. Tisaiwalenso kuti mnzawo wa Guru Nanak pa maulendo awo ambiri anali Mardana, Msilamu woimba chingwenyengwenye chotchedwa rabab, ndipo mu Bihagre ki Var muli mavesi okhala ndi dzina lake pamutu.

Nanga za olamulira ndi za chuma zimati chiyani?

Guru Nanak anakhala m'nthawi ya mafumu a banja la Lodi, naonanso kubwera kwa Babur, amene analanda ufumu wa Delhi mu 1526. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito m'nkhokwe ya boma ku Sultanpur Lodhi, choncho akamanena za ziphuphu sankanena zongomva. Mu Majh ki Var akuti nyengo ino ndi mpeni, mafumu ndi opha nyama, ndipo chilungamo chamera mapiko n'kuuluka. Mu Malar ki Var mafumu ndi akambuku, nduna zawo ndi agalu amene amavutitsa anthu ali khale kapena ali m'tulo. Mu Asa di Var umbombo ndi tchimo ndiwo mfumu ndi nduna yake, bodza ndiye mkulu wosonkhetsa, ndipo anthu wamba nawonso sanawasiye: akuti ndi akhungu opanda nzeru amene amangovomera.

Yankho limene ndakatulozi zikupereka si kuthawira kuthengo. Vesi la Guru Nanak mu Sarang ki Var likuti wodziwa njira ndi amene amadya za thukuta lake n'kugawirako ena kuchokera m'dzanja lake. Lina, la mu Asa di Var, likufunsa za mbala imene yaba m'nyumba ya mwini n'kukapereka zakubazo ngati nsembe ya makolo ake akufa: kutsidyako katunduyo adzazindikirika, makolowo adzatengedwa ngati mbala, ndipo wansembe amene anakhala mkhalapakati adzadulidwa manja.

Kodi n'zoona kuti ma var amateteza akazi?

N'zoona, ndipo vesi lake ndi limodzi mwa odziwika kwambiri m'buku lonse. Mu Asa di Var akuti mwa mkazi timaumbidwa ndi kubadwa, mkazi timamutomera ndi kumukwatira, kudzera mwa iye mtundu umapitirira; nanga tingamutchule bwanji woipa amene amabala mafumu? Vesili likubwera posakhalitsa pambuyo pa nkhani ya kudetsedwa ija, ndiye cholinga chake chikuonekeratu. Mu Suhi ki Var ya Guru Amar Das mulinso mavesi otsutsa mwambo wa sati, woti mkazi wamasiye adziwotche pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake. Ngati Asikhi enieniwo akwanitsa kukhala monga mwa mavesiwa ndi nkhani imene iwo okha amakambirana mosabisa, makamaka akazi amene akhala akupempha mwayi woimba nyimbo zopatulika m'kati mwa Harmandir Sahib.

Var ya Satta ndi Balwand ikusiyana bwanji ndi zinzake?

Imeneyi ndiyo yoyandikana kwambiri ndi var yakale yotamanda mfumu. Ili ndi ndime 8, ilibe ma salok, ndipo ikusimba mmene udindo wa Guru unadutsira kuchoka kwa Guru Nanak mpaka kwa Guru Arjan. Olembawo anali oimba a pabwalo la a Guru, ochokera m'mabanja a oimba a Chisilamu. Olemba mbiri amaikonda chifukwa ndi umboni wa anthu a nthawi imeneyo. M'menemo ndimo mukutchulidwa Mata Khivi, mkazi wa Guru Angad, amene akuyerekezedwa ndi mtengo wa mthunzi waukulu, ndipo akuti m'khitchini yake yodyetsa onse munkagawidwa phala la mpunga lamkaka lothira mafuta a batala. Mwambo wa langar, wodyera pamodzi mosayang'ana fuko, ukuonekera pamenepa uli wokhazikika kale.

Yaifupi kwambiri ndi iti?

Ndi Basant ki Var ya Guru Arjan, ya ndime zitatu zokha ndipo yopanda ma salok.

Kodi alipo ma var ena kunja kwa Guru Granth Sahib?

Alipo. Bhai Gurdas analemba ma var 40 amene Asikhi amawatcha kiyi wotsekulira malemba, ndipo amaloledwa kuimbidwa m'mapemphero. M'buku la Dasam Granth, logwirizanitsidwa ndi Guru Gobind Singh, Guru wakhumi, muli Chandi di Var, imene ikubwerera ku nkhondo yeniyeni ya malupanga pakati pa milungu ndi ziwanda. Ndime yake yoyamba ndiyo imatsegula pemphero la Ardas limene Asikhi amapemphera ataimirira. Kuyambira nthawi ya Guru Hargobind, amene analowa m'malo atate awo Guru Arjan ataphedwa ku Lahore mu 1606, a dhadi ankaimbanso nyimbo za ngwazi ku Akal Takht, mpando wa ulamuliro wa Asikhi ku Amritsar, pofuna kulimbitsa anthu mtima, ndipo magulu a dhadi akadalipo mpaka lero pa zikondwerero.

Munthu amene si Msikhi angamve bwanji nyimbozi?

Nyumba yopemphereramo Asikhi, gurdwara, ndi yotsekukira aliyense. Amalawi okhala ku Britain angaipeze mosavuta ku Southall mu London kapena ku Smethwick pafupi ndi Birmingham, ndipo ku Johannesburg iliponso. Mlendo amavula nsapato, kuphimba kumutu ndi nsalu, kusamba m'manja n'kukhala pansi. Fodya ndi mowa saloledwa kulowa nazo. Mapemphero a ku Amritsar amaulutsidwanso pa intaneti tsiku lililonse, koma popeza nthawi ya ku India ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola atatu ndi theka, Asa di Var imayamba kuno kuli pakati pa usiku. M'nyumba zambiri zopemphereramo mawu a nyimbo amaonetsedwa pa khoma m'zilembo za Gurmukhi pamodzi ndi kumasulira kwa Chingelezi, ndipo wofuna kutsatira bwino achita bwino kuwerengeratu gawo limodzi lathunthu, ma salok ake ndi pauri yake, asanapite kukamvera.